Mmene mungatetezere chinsinsi chanu ndi cha anzanu povala zipangizo zojambula

Wotchi yowerenga masitepe ndi kugunda kwa mtima, magalasi okhala ndi kamera pakona pa felemu, ndiponso kachipangizo kovala pakhosi kapena pamkono komwe kamamvetsera zokambirana zanu n'kuzilemba mwachidule madzulo, zonsezi zimapitiriza kugwira ntchito ngakhale pamene mwaiwala kuti mwazivala. Foni mumayamba mwaitulutsa m'thumba n'kuilozetsa kwa munthu, ndipo iye amaona kuti akujambulidwa, kotero angathe kukana, kutembenuka kapena kusiya kulankhula. Chipangizo chovala chimamulanda mwayi umenewo. N'chifukwa chake malangizo ali m'munsimu sakunena za chinsinsi cha mwini chipangizo yekha, koma akunenanso kwambiri za anthu amene amakhala naye pafupi, omwe sanawerenge mgwirizano wa kampani ndipo sanavomereze chilichonse. Pamene munadina batani lovomereza pafoni yanu munadzilankhulira nokha; simunalankhulire akunyumba kwanu, wantchito wanu, kapena munthu amene mwakhala naye pampando umodzi m'minibasi.

Dziwani zimene chipangizo chimatola ndi kumene zimapita

Musanagule, kapena musanayatse chomwe m'bale wanu wakutumizirani kuchokera ku Johannesburg kapena ku London, fufuzani ngati chili ndi zinthu zinayi izi: GPS yosonyeza malo amene muli, maikolofoni, kamera, ndi timakina toyeza thupi, monga kugunda kwa mtima, tulo, kutentha kwa khungu kapena masiku a msambo. Zimenezi zimalembedwa pakatoni kapena pakapepala ka malangizo. Funso lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyamba, ngakhale kuti ogulitsa sakonda kulitchula: kodi zojambulidwazo zimakhala m'chipangizo ndi m'foni mokha, kapena zimakwera pa intaneti kupita kumakompyuta a kampani? Zipangizo zambiri zamakono, makamaka zimene zimayankha mafunso pogwiritsa ntchito AI (nzeru zopangidwa ndi makompyuta), zimatumiza mawu ndi zithunzi kumaseva a kampani chifukwa pazokha zilibe mphamvu zochitira ntchitoyo. Chilichonse chomwe chachoka m'manja mwanu mwa njira imeneyi chingathe kusungidwa, kumvetseredwa ndi antchito a kampani, kubedwa ndi akuba a pa intaneti, kapena kuperekedwa kukhoti likalamula.

Zoti khoti lingagwiritse ntchito zimenezi si nkhambakamwa. Ku Connecticut, m'dziko la America, mayi wina anaphedwa m'nyumba mwake mu Disembala 2015, ndipo mwamuna wake anauza apolisi kuti chigawenga chinathyola nyumba. Kachipangizo kowerenga masitepe ka Fitbit komwe mayiyo anavala kanasonyeza kuti iye ankayendabe m'nyumbamo kwa pafupifupi ola limodzi pambuyo pa nthawi imene mwamunayo anati anawomberedwa, ndipo mu 2022 bwalo linapeza mwamunayo wolakwa pa mlandu wakupha. Pamenepa chipangizo chinathandiza chilungamo, ndipo palibe amene angadandaule. Koma nkhaniyi ikusonyeza kuchuluka kwa zimene kawotchi kamodzi kamadziwa: nthawi imene munadzuka, imene munayenda, imene munakhala pansi, miniti ndi miniti.

Chenjerani kwambiri ndi mawotchi otchipa opanda dzina lodziwika, omwe amakuuzani kuti mutsitse pulogalamu yake pojambula kachizindikiro ka QR komwe kali pakatoni. Ngati pulogalamuyo sikupezeka mu Play Store kapena mu App Store, musaiike m'foni momwe muli akaunti yanu ya banki ndi ya ndalama za pafoni. Ngati ikupezeka, onani dzina la kampani yomwe inaipanga, tsiku limene anaikonza komaliza, komanso ngati ili ndi tsamba lofotokoza mmene amasungira zinsinsi za anthu. Kampani yomwe sinena kumene ili, kapena njira yofufutira akaunti, sindingaipatse mbiri ya thupi langa ngakhale wotchiyo itakhala yaulere.

Tsiku loyamba: akaunti ndi zilolezo

Potsegula akaunti, perekani zochepa zimene pulogalamu ikufunadi kuti igwire ntchito. Wotchi imafuna msinkhu, kulemera ndi zaka zanu kuti iyerekeze mphamvu zimene thupi lagwiritsa ntchito, koma sifunika chithunzi cha nkhope yanu, dzina la kuntchito kwanu kapena mayina onse a m'foni mwanu. Ikani pasiwedi yomwe simunaigwiritsepo ntchito kwina, ndipo ngati pali njira yotsimikizira kawiri, yomwe amakutumizirani nambala ina pafoni musanalowe, iyatseni tsiku lomwelo. Pawotchi penipenipo ikani nambala yachinsinsi, chifukwa wotchi yosatseka imaonetsa mauthenga anu onse kwa aliyense amene waitola, kuphatikizapo manambala otsimikizira ochokera kubanki.

Kenako lowani mu Settings ya foni, pezani dzina la pulogalamuyo, ndipo tsegulani gawo lolembedwa kuti Permissions. Pa chilolezo cha malo sankhani kuti chizigwira ntchito pokhapokha pulogalamu ili yotsegula, osati nthawi zonse. Chilolezo cha maikolofoni, cha kamera, cha mayina a anthu ndi cha mauthenga a SMS chizimitseni, kenako muyese ngati chipangizo chikuchitabe zimene munachigulira. Chikakana pa chinthu china chomwe mukuchifunadi, yatsani chilolezo chimodzi chokhacho. Mkati mwa pulogalamuyo funani mawu onena za kuthandiza kampani kukonza zinthu zake kapena kuphunzitsa AI, ndipo muzimitse paliponse pamene akulolani. Bwererani kumeneko pakapita miyezi ingapo, makamaka pulogalamu ikasinthidwa, chifukwa makampani amasintha malamulo awo chipangizo chili kale pathupi panu. Mu Epulo 2025, mwachitsanzo, kampani ya Meta inauza eni magalasi a Ray-Ban Meta kuti yachotsa mwayi wokana kusungidwa kwa mawu amene munthu amalankhula kwa magalasiwo, ndipo mawuwo angasungidwe mpaka chaka chathunthu pokhapokha mwiniwake atalowa mu pulogalamu n'kuwafufuta yekha.

Mapu a maulendo anu

Apa ndi pomwe anthu ambiri ochenjera amagwera, chifukwa ulendo umodzi wothamanga m'mawa suoneka ngati chinsinsi. Vuto limabwera maulendowo akaunjikana. Zili ngati njira ya kuchitsime, yomwe palibe amene anailambula koma imaoneka yokha chifukwa chopondedwa tsiku ndi tsiku. Mu Novembala 2017 kampani ya Strava, yomwe pulogalamu yake imalemba maulendo a othamanga ndi okwera njinga, inatulutsa mapu a dziko lonse osonyeza njira zimene anthu ake amadutsa kawirikawiri, popanda kutchula dzina la aliyense. Mu Januwale 2018 wophunzira wina wa ku Australia wa zaka 20, Nathan Ruser, anaona kuti m'zipululu za ku Syria ndi ku Afghanistan, momwe mapuwo anali akuda bii, munali timizere towala tozungulira. Anali asilikali othamanga m'mphepete mwa mipanda ya misasa yawo, ndipo mawotchi awo anajambula maonekedwe a misasayo. Patapita zaka zoposa 6, mu Okutobala 2024, nyuzipepala ya ku France ya Le Monde inasonyeza kuti kudzera mu pulogalamu yomweyo zinali zotheka kudziwa kumene atsogoleri monga Emmanuel Macron ndi Joe Biden akapite kapena agona, pongotsatira maulendo othamanga a alonda awo.

Ngati zinatheka ndi anthu ophunzitsidwa za chitetezo, n'zosavuta ndi mayi amene amathamanga yekha mbandakucha podutsa njira imodzimodzi, kuyambira pageti la nyumba yake n'kudzathera pomwepo. Choncho chitani izi. M'gawo la zachinsinsi la pulogalamu yanu sankhani kuti maulendo anu azioneka kwa inu nokha, kapena kwa anthu amene mwawavomereza mmodzimmodzi, ndipo yang'anani mndandanda wa okutsatiraniwo n'kuchotsa aliyense amene simukumudziwa pamaso. Zimitsani mwayi woti maulendo anu aphatikizidwe m'mapu a onse. Yatsani njira yobisa poyambira ndi pothera ulendo, koma musaidalire kotheratu, chifukwa akatswiri a pa yunivesite ya KU Leuven ku Belgium anasonyeza mu 2022 kuti nthawi zambiri malo obisikawo angathe kudziwika powerengera kutalika kwa ulendo ndi misewu ya m'deralo. Njira yodalirika ndi yakale: yambani kujambula ulendo mutafika pamphambano kapena pabwalo lomwe pamadutsa anthu ambiri, ndipo muzimitse musanakhotere kwanu. Musaikenso chithunzi cha mapuwo pa status ya WhatsApp kapena pa Facebook, chifukwa kutero n'kupereka ndi manja anu zimene mwangobisa kumene.

Maikolofoni

Zipangizo zoyankha mawu zimamvetsera nthawi zonse podikira liwu loziyatsa, ndipo nthawi zina zimayaka molakwika zikamva china chofanana nalo. Mu 2019 zinadziwika kuti makampani a Amazon, Google ndi Apple anali ndi antchito omvetsera zina mwa zojambulidwazo pofuna kukonza mapulogalamu awo, ndipo nyuzipepala ya The Guardian inalemba kuti omvetsera za Siri, pulogalamu ya Apple yoyankha mawu, ankamva nkhani za odwala ndi madokotala awo komanso za kuchipinda, zambiri mwa izo zochokera pa Apple Watch yomwe inayaka mwangozi. Kumayambiriro kwa 2025 Apple inavomera kulipira madola 95 miliyoni kuti mlandu wokhudza nkhaniyi uthe, ngakhale kuti sinavomere kulakwa. Ngati simugwiritsa ntchito mawu polamula wotchi kapena magalasi anu, zimitsani kumvetsera kodikira liwu loyatsira, ndipo muzidina batani pamene mukufuna kulankhula nacho. Batire nalonso limakhalitsa mukatero.

Tizipangizo tatsopano tomwe ntchito yake ndi kumvetsera tsiku lonse, monga kachibangili ka Bee komwe kampani yake inagulidwa ndi Amazon mu 2025, n'tovuta kuposa zonsezi, chifukwa sitingagwire ntchito popanda kutola mawu a anthu ena. Maganizo anga ndi akuti kachipangizo kotere kazikhala kozimitsa, ndipo kaziyatsidwa pa nthawi yodziwika, monga pamsonkhano womwe onse auzidwa n'kuvomera. Munthu amene akukuuzani za matenda ake, za ngongole yake kapena za mavuto a m'banja mwake akuuza inu, ndipo sakuuza kompyuta ya kampani ya kutsidya kwa nyanja. M'madera ena lamulo lenilenilo limaletsa: ku California, mwachitsanzo, kujambula zokambirana zachinsinsi popanda chilolezo cha onse olankhula ndi mlandu.

Magalasi a kamera ndi anthu amene mukuwayang'ana

Magalasi a Google Glass atatuluka mu 2013 pa mtengo wa madola 1,500, malo ena omwera ndi oonetsera mafilimu anawaletsa, ndipo pofika Januwale 2015 Google inasiya kuwagulitsa kwa anthu wamba. Anali osavuta kuwazindikira. Magalasi a lero, omwe anayamba ndi Ray-Ban Stories mu Seputembala 2021, amaoneka ngati magalasi a dzuwa wamba, ndipo chizindikiro chokha choti akujambula ndi kanyale kakang'ono koyera pakona pa felemu. Mwezi womwewo mabungwe oteteza zinsinsi za anthu a ku Ireland ndi ku Italy anadandaula kuti kanyaleko n'kakang'ono kwambiri moti anthu sangakaone. M'magalasi a 2023 kampani ya Meta inakakulitsa ndipo inakonza kuti kamera izikana kujambula kanyaleko kakaphimbidwa, komabe padzuwa la masana, kapena kwa agogo amene sanamvepo za magalasi otere, kanyale sikanena kanthu.

Kuopsa kwake kunaonekera bwino mu Okutobala 2024, pamene ophunzira awiri a pa yunivesite ya Harvard analumikiza magalasi amenewa ndi pulogalamu yofufuza nkhope pa intaneti yotchedwa PimEyes. Ankayang'ana munthu wosamudziwa pasiteshoni ya sitima, ndipo posakhalitsa foni yawo inkawapatsa dzina lake, nthawi zina ndi adiresi ya kwawo ndi mayina a abale ake. Iwo sanagawe pulogalamu yawoyo, ndipo anati anachita zimenezi pofuna kuchenjeza anthu, koma zida zimene anagwiritsa ntchito zinali zopezeka kwa aliyense. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti nkhope ya mlendo yomwe yalowa m'vidiyo yanu n'kuikidwa pa intaneti ingathe kudzagwiritsidwa ntchito pomupeza munthuyo, mwina ndi mwamuna amene anamuthawa chifukwa cha nkhanza.

Choncho musadalire kanyale, koma nenani ndi pakamwa. Mawu ochepa ndi okwanira: "Pepani, magalasi angawa ali ndi kamera, kodi ndingajambule?" Akakana, musangosiya kujambula, koma avuleni n'kuwaika m'kachikwama kake, chifukwa munthu sangamasuke pamaso pa diso la kamera ngakhale mutalumbira kuti yazima. Musamate kanyaleko kapena kukadetsa ndi inki. Amene amachita zimenezi wadziulula yekha cholinga chake. Pofika pakhomo pa eni, vulani magalasi musananene odi, ndipo muwavalenso ngati eni nyumba alola. Pali malo ena pomwe sipafunikanso kufunsa, chifukwa yankho ndi lodziwikiratu: kuchimbudzi ndi kubafa, m'chipinda chosinthira zovala, kuchipatala, makamaka kusikelo ndi pamzere wolandirira mankhwala pomwe kungooneka kwa munthu kumaulula matenda ake, m'kalasi ya ana, m'nyumba ya siwa, pamalangizo a chinamwali kapena a ukwati, ndiponso pomwe ankhoswe akukamba mlandu wa banja. Pamakina a ATM ndi pa ejenti wa ndalama za pafoni palinso chifukwa china: kamera ili pamphumi panu imaona zimene maso anu akuona, kuphatikizapo PIN yanu pamene mukuilemba ndi ya munthu amene ali patsogolo panu.

Mukajambula movomerezeka, onani vidiyoyo musanaigawe, ndipo dulani kapena phimbani nkhope za ana a eni, manambala a galimoto, zikwangwani za nyumba ndi mapepala amene ali patebulo. Kumbukirani kuti chithunzi chingathe kukhala ndi malo ndi nthawi imene chinajambulidwa zobisika mkati mwake. WhatsApp imachotsa zimenezi mukatumiza ngati chithunzi wamba, koma mukatumiza ngati Document zimapita zonse.

Kuntchito

Abale athu ambiri ku Britain ndi ku South Africa amagwira ntchito m'nyumba za anthu, m'malo osamalira okalamba ndi m'zipatala, momwe amaona anthu ali osavala, odwala kapena osokonezeka maganizo. Kwa iwo chipangizo chojambula chingathetse ntchito tsiku limodzi, ngakhale sanajambule dala. Werengani malamulo a pantchito panu, ndipo ngati sakutchula za zipangizo zovala, funsani bwana wanu ndipo yankho likhale lolembedwa. Chimodzimodzi aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito kubanki ndi onse osunga mafayilo a anthu. Kumbali ina, ngati abwana kapena kampani ya inshuwalansi ikukupatsani wotchi yaulere kuti muzichita masewera olimbitsa thupi, funsani kuti ndani adzaona zotsatira zake, adzaziona ndi dzina lanu kapena mophatikiza ndi za anzanu, ndipo chidzachitike n'chiyani mukakana. Tulo tanu ndi kugunda kwa mtima wanu zingathe kuulula matenda kapena pakati musanakonzeke kuuza aliyense.

Ana ndi a m'nyumba

Makolo amagulira ana mawotchi a GPS chifukwa cha chikondi ndi mantha, ndipo manthawo ndi omveka. Koma mu Okutobala 2017 bungwe loimira ogula la ku Norway linayesa mawotchi angapo a ana n'kupeza kuti munthu wachilendo angathe kulanda akaunti, kuona kumene mwana ali, kulankhula naye, ngakhale kunamiza makolo kuti mwanayo ali kwina. Mwezi wotsatira bungwe la boma la Germany loyang'anira za mafoni, Bundesnetzagentur, linaletsa kugulitsa mawotchi a ana okhala ndi njira yomvetsera mobisa, litapeza kuti makolo ena ankamvetsera aphunzitsi m'kalasi, ndipo linalangiza amene anali nawo kale kuti awaphwanye. Ngati mwasankha kugulira mwana wotchi, pewani yomwe imalola kumvetsera mwana asakudziwa, sinthani pasiwedi yomwe inabwera nayo, lolani manambala ochepa okha kuimbira wotchiyo, ndipo dziwitsani sukulu. Muuzeni mwanayo zimene wotchi imachita m'mawu amene angamve, ndipo akamakula muzichepetsa kumulondola.

Munthu wamkulu ndi nkhani ina. Kupatsa mkazi wanu, mwamuna wanu kapena wantchito wa pakhomo wotchi yolumikizidwa ku akaunti yanu kuti muzidziwa kumene ali, iye asakudziwa, ndi nkhanza ngakhale itabwera itakutidwa ngati mphatso. Ngati inu mwalandira chipangizo chomwe wina anachiyatsa kale, chibwezeretseni mwakale pogwiritsa ntchito Factory reset n'kutsegula akaunti yanuyanu. Onaninso m'gawo logawana malo kapena zaumoyo ngati muli dzina la munthu amene munasiyana naye. Amene akukhala ndi munthu wankhanza achite zimenezi mosamala, atapeza kaye thandizo kwa wachibale wodalirika kapena kuofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, chifukwa wolondolayo amazindikira msanga akasiya kuona.

Ngati wojambulidwa ndi inu

Yang'anani pakona zakumwamba za felemu ya magalasi: kabowo kozungulira konyezimira ndi kamera, ndipo kanyale koyera kakayaka ndiye kuti ikujambula. Muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu ngati mukujambulidwa, wopempha kuti asiye, ndi wopempha kuti afufute inu mukuona, kuphatikizapo mu pulogalamu ya pafoni momwe zithunzizo zimakathera. Musalande chipangizocho kapena kuchiphwanya, chifukwa mlandu ungatembenukire inu. Ngati muli m'sitolo, m'lesitilanti kapena m'tchalitchi, uzani oyang'anira malowo, popeza iwo angathe kuletsa kujambula pamalo awo. Vidiyo ikaikidwa kale pa intaneti, jambulani tsambalo pomwe pakuoneka dzina la woika ndi tsiku, sungani linki yake, kenako dandaulani kwa eni tsambalo kudzera pa batani la Report musanapite kupolisi.

Lamulo lili kumbali yanu kuposa mmene ambiri amaganizira. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira mmene mbiri za anthu zimatoleredwa ndi kusungidwa, kotero madandaulo okhudza kampani kapena bungwe angapite kumeneko. Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa malamulo awo mu 2021, ku South Africa kuli lamulo la POPIA, ndipo ku Europe kuli GDPR yomwe inayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018 ndipo imaika mbiri ya zaumoyo m'gulu lofunika chitetezo chapadera. Lamulo la ku Europe silikhudza zimene munthu wajambula n'kusunga pa zochitika za m'banja mwake zokha, koma khoti la European Union linagamula kalekale mu 2003 kuti kuika mbiri za anthu ena pa intaneti pomwe aliyense angazione sikulinso nkhani ya m'banja.

Kufufuta, kugulitsa ndi kutaya

Dziikireni tsiku, mwina kumapeto kwa mwezi uliwonse, lolowa mu pulogalamu n'kufufuta mawu, mavidiyo ndi maulendo amene simukuwafunanso, ndipo ngati pali njira yoti zizifufutika zokha pakapita nthawi, sankhani nthawi yaifupi kwambiri. Zimene mukufuna kusunga tsitsani n'kuziika pakompyuta yanu, chifukwa kampani ingathe kugulidwa kapena kutsekedwa. Fitbit inagulidwa ndi Google, ndipo kuti malondawo atheke mu Januwale 2021, akuluakulu a European Union analamula kuti kwa zaka 10 Google isagwiritse ntchito mbiri ya zaumoyo ya anthu a kumeneko potsatsa malonda. Kampani ya Humane, yomwe inkagulitsa kachipangizo komata pamalaya kotchedwa AI Pin pa madola 699, inagulitsa katundu wake kwa HP mu Febuluwale 2025, ndipo eni tizipangizoto anapatsidwa masiku ochepa oti atsitse zithunzi zawo maseva asanazimitsidwe pa 28 mwezi womwewo. Mukamva kuti kampani ya chipangizo chanu yasintha eni, werengani uthenga umene akutumizirani, ndipo ngati simukugwirizana nawo, fufutani akaunti nthawi yosinthayo isanakwane.

Kuchotsa pulogalamu m'foni sikufufuta akaunti. Zonse zimakhalabe kukampani mpaka mutapempha kuti azichotse, kudzera mu pulogalamuyo kapena patsamba lawo. Pogulitsa chipangizo kapena popatsa m'bale, tsatani ndondomeko iyi: tsitsani zimene mukufuna, chotsani makadi a banki amene munalumikiza, lekanitsani chipangizo ndi foni kudzera mu pulogalamu yake osati pongozimitsa Bluetooth, chitani Factory reset, tulutsani SIM kadi ngati ilimo, ndipo pomaliza lowani mu akaunti yanu n'kuchotsa chipangizocho pamndandanda. Chikabedwa kapena kutayika, sinthani pasiwedi nthawi yomweyo, gwiritsani ntchito njira yofufutira muli kutali ngati ilipo, ndipo imbirani banki kuti itseke khadi lomwe linali pawotchiyo. Pogula chogwiritsidwapo kale ntchito pamsika, chiyatseni wogulitsa ali pomwepo, ndipo chikafunsa pasiwedi ya mwini wake wakale kapena chikaonetsa mauthenga a munthu wina, chisiyeni.